Chizungu Pamaso pa Apongozi

Lolemba

Holide yayamba. Ana onse a sukulu ali kwawo, akupuntha chimanga. Ndatsala ndi wophunzira mmodzi: mkazi wanga NyaGoma, amake Taonga.

Loweruka ali ndi mayeso ku boma, ku Chama. Akusankha anthu okaphunzira ntchito yothandiza pa kiliniki. Masamu amawadziwa kuposa ine. Za umoyo zili m'mutu. Chizungu ndiye chimamugwetsa, ndipo chamugwetsapo kale. Akalephera ulendo uno, zaka zake zipitirira zimene akufuna. Basi, chitseko chatsekeka.

Koma wakwatiwa ndi ndani? Mphunzitsi wa Chizungu wa pano pa Kambombo! Pulani yanga nayi:
– Lero: must be, should be. Zoyenera kuchitidwa.
– Mawa: mawu a nthawi, by, before, next week.
– Lachitatu: can be, may be.
– Lachinayi: should have been. Zimene zinayenera kuchitidwa kale.
– Lachisanu: kubwereza ndi kupuma.

Kavuto kamodzi. Apongozi anga afika dzulo kuchokera ku Chikwa. Mwamwambo sitiyang'anana, sitilankhulana. Iwo amanena m'Chisenga kwa mwana wawo, iye amandiuza, ine ndimayankha maso ali pansi.

Tikuphunzira pakhonde. Apongozi ali pamphasa kuseri kwa ngodya, atifulatira, akuswa mtedza. Ndikufuna chitsanzo, ndikuona nkhokwe yathu yopendekeka ija. "The granary must be repaired by Wednesday." Ndikufotokoza bwinobwino kuti wogwira ntchito satchulidwa, chofunika ndi ntchitoyo ndi nthawi yake.

Apongozi akufunsa kuti mkamwini akuti chiyani. NyaGoma akumasulira: "Akuti nkhokwe iyenera kukonzedwa pofika Lachitatu." Kumasulira kolondola, ndikadachonga ndi bolopeni yofiira!

Kuseri kuja kukumveka kuwomba m'manja. "Yewo, yewo!"

Ndikumunong'oneza NyaGoma kuti awauze kuti ndi chitsanzo chabe. Iye, nkhope ili phee: "Atate ake Taonga, ndiwauze amama kuti mkamwini wawo amalankhula zimene sakutanthauza?"

Lachiwiri

Ndili kukadula nsungwi tambala asanatsike. Ine, munthu wa choko!

Phunziro la lero likuchitikira pa nkhokwe. Ine ndili m'mwamba ndi luzi pakamwa, NyaGoma ali pansi akupeta chimanga, buku langa walitsamiritsa pamtondo. Akupeta, akuwerenga, akuthamangitsa nkhuku ndi phazi, ndipo palibe chimene chikutayika. Mkazi uyu sindikudziwa kuti anamupanga ndi chiyani.

Ndili m'mwambamu ndikuona denga la khitchini. Udzu unawola kalekale. Pakamwa pa mphunzitsi palibe mabuleki: "The roof should be thatched before the rains." Ndazindikira mawu atatuluka kale.

Wamasulira. Kuwomba m'manja.

Ndikuyesa kudzipulumutsa. Ndikuti should si must, should ndi malangizo chabe, munthu akhoza kuchita kapena ayi. NyaGoma akuti wamva kusiyana kwake, ndipo wandibwerezera molondola. Koma akuti m'makutu mwa amama ake zonsezo ndi lonjezo.

Zofunika manje:
– udzu
– luzi lina
– msana wina

Lachitatu

Nkhokwe yatha. Yaima njo! Apongozi aizungulira, aigwedeza ndi dzanja limodzi, auza mwana wawo kuti ili bwino. Ndikudabwa kuti mtima wanga wakondwa ngati mwana wa giredi wani.

Lero ndachenjera. Zitsanzo zonse zikhale za kutali, zopanda pakhomo pano. Ndikuganiza, ndikuganiza. Njovu! Pasukulu pano palibe njovu. "Elephants can be chased away with chilli at any time of the year." Njovu zingathamangitsidwe ndi tsabola nthawi iliyonse ya chaka.

Mayo ine! Nthungululu kuseri kwa ngodya!

Ndinaiwala kuti dimba la apongozi ku Chikwa lili m'njira ya njovu. Akuti chaka chino zadya mbatata zonse, ndipo ana awo aamuna amangolonjeza. Akuti Mulungu wawapatsa mkamwini wolimba mtima. Akufunsa ngati tsabolayo ndibwera naye kapena andisungire.

Ine njovu ndinaionapo kamodzi, ndili m'basi, mawindo otseka.

NyaGoma walowa m'nyumba mothamanga, akuti akukatenga madzi. Ndikumumva akuseka ali m'kati, wadzitseka pakamwa ndi chitenje.

Lachinayi

Pa denga tsiku lonse. Dzuwa la kuchigwa kuno silidziwa kuti munthu ali ndi dipuloma. M'manja matuza okhaokha.

Lero sindipereka chitsanzo ngakhale chimodzi. Ndaluma lilime. Ndamuuza kuti apange yekha, ine ndizingomvetsera.

Kulakwa kwina kumeneko!

Waima pansi, mtolo wa udzu pamutu, akundiponyera ndi mawu omwe:
"The bicycle should have been repaired last month."
"The chickens could have been saved in June."
"My sewing machine must have been forgotten at the mechanic's since Easter."

Njinga inayenera kukonzedwa mwezi watha. Nkhuku zathu zimene zinafa zija zikadapulumuka. Makina osokera ayenera kuti anaiwalika kwa makaniko. Palibe cholakwika ngakhale chimodzi, ndipo sanatchule dzina la munthu! Ana anga a giredi naini ndimalimbana nawo temu yonse pa zimenezi. Iye wazigwira akusenza udzu. Zikundibaya, koma ndikufuna kuimirira pa denga pomwepa ndi kuitana a hedi adzamve.

Apongozi afunsa kuti mwana wawo akuti chiyani. NyaGoma wayankha: "Ndikungowerenga za m'buku, amama."

Mkazi uyu ndi wachifundo akafuna.

Lachisanu

Kubwereza? Kupuma? Ha!

Njinga ili chagada. Chubu chili ndi zigamba zambiri kuposa mphira wake. Tcheni chikugwa. Popanda njinga imeneyi mawa sitifika ku boma, ndiye buku lakhala pawindo tsiku lonse osatsegulidwa.

Zimene ndaphunzitsa sabata ino: ziganizo zitatu. Zitatu! Ndipo chilichonse chandibweretsera ntchito.

Mantha andigwira. Madzulo ndamupeza kuseri kwa khitchini akuyang'ana manja ake, osachita kanthu. NyaGoma sakhala osachita kanthu. Akuti: "Ndikalepheranso, musadzawauze amama kuti ndi Chizungu. Mudzati malo anali ochepa."

Mphunzitsi wathunthu, sabata yonse ndinali pa denga.

Loweruka

Tanyamuka kusanatenthe, iye pa kaliya, ine ndikupalasa ndi matuza anga. Mchenga, kutsika, kukankha, kukweranso. Njira yonse akung'ung'udza ziganizo kumsana kwanga ngati nyimbo ya kwaya.

Anthu ndi ambiri. Atsikana ongomaliza sukulu, tsitsi lowongola, mafoni m'manja. Wanga wavala diresi la kutchalitchi, akupukuta fumbi kumapazi ndi mpango. Walowa osacheuka.

Ndili pansi pa mtengo wa mango. Ndagula zitumbuwa, ndikudikira.

Watuluka. Akuti anawauza kuti alembe zoyenera kuchitidwa pa chitsime cha m'mudzi mvula isanagwe, ndi zimene zinayenera kuchitidwa kale. Akuti ena amaluma bolopeni, iye anapempha pepala lachiwiri. "Ndimangoganiza kuti muli pa denga ndipo ndikukuuzani."

Masana bambo wina wa tayi watuluka ndi kuyamba kuitana mayina a osankhidwa. Dzina lake lamveka.

Ndalira. Pamaso pa anthu, pa boma, mwamuna wa ndevu zake! Iye ndiye akundigwira mkono: "Atate ake Taonga, anthu akuona."

Bambo wa tayi sanamalize kulankhula. Akuti maphunziro ndi a chaka chathunthu, ku Chipata, ndipo galimoto idzawatenga sabata ikubwerayi. Zimenezi ndimazidziwa kale. Koma kuzidziwa ndi kuzimva ndi zinthu ziwiri.

Lamulungu

Kutchalitchi amayi a chigwirizano amuvinira. Apongozi avina kuposa onse, chitenje chili m'chiuno, ine ndikuyang'ana kudenga mwaulemu.

Titabwerako atumiza mawu kudzera mwa mwana wawo. Akuti ku Chikwa sabwererako manje. Akhala pano chaka chonse kuti alere Taonga, chifukwa mkamwini wotere sangasiyidwe yekha ndi mapoto.

Chaka chonse. Nyumba imodzi. Munthu amene sindingamuyang'ane, sindingamulankhule, ndipo womasulira wathu akupita ku Chipata.

Ndafunsa NyaGoma kuti ndidzatani ndikafuna mchere. Akuti: "Mudzauza khoma, amama adzamva."

Wayamba kale kupinda zovala pabedi, akuimba. Ndakhala pakhomo ndikumuyang'ana, ndipo sindikudziwa kuti nyumba ino idzamveka bwanji popanda mawu amenewa. Ndine amene ndinafuna zimenezi. Ndikuzifunabe.

Sutikesi yathu inadyedwa ndi chiswe. Ndikupita kwa a hedi kukabwereka yawo.