Sikirini Imene Ndinaiyesa ndi Tsaya la Tadala

A Mbewe, mwati chiyani? Mwati kompyuta ili m'chipinda mwangamo ndinaitola pa zinyalala za azungu ku Bedfordview? Bwerezani anthu onsewa amve. Khalani pansi, galimoto ya katundu wakumudzi sinafike, ndipo aliyense wamtima wokayika asendere kuno, chifukwa ine bodza sindilidziwa chibadwire, ngakhale kusukulu yamadzulo ku Benoni sanatiphunzitseko.

Tadala, mwana wanga akulumpha chingwe apoyo, anali ndi miyezi isanu ndi iwiri. A Nkhoma, malume awo a mayi ake, amene amayendetsa thiraki kuchokera ku Blantyre kudzatsitsa katundu ku Jet Park, anandiitanitsa. Mwambo mukuudziwa: mkazi ungamutenge chitengwa mpaka kuwoloka naye mitsinje isanu, koma mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwinimbumba akamalankhula iwe umangowerenga zala zako zakumapazi. Anati, "Bambo a Tadala, kudula kapinga wa eni ake si ntchito yolerera mbumba yanga. Ndibweranso pakatha masabata atatu. Ndikadzapeza mulibe luso looneka ndi maso, mayi ndi mwana adzakwera thirakiyi."

Masabata atatu! Setifiketi yojambula pakompyuta ndinali nayo, koma pepala silijambula. Pankafunika makina. Kompyuta yomangamanga kale ya m'sitolo ndinaikana, chifukwa nkhuku yootcha kale sudziwa ngati inafa ndi mpeni kapena chitopa. Ndinati ndisankha ndekha chiwalo chimodzichimodzi.

Ndinayamba ndi purosesa, imene ndi ubongo wake. Wogulitsa anandiyalira zisanu ndi ziwiri patebulo, ine n'kuzifunsa masamu, zisanu ndi imodzi n'kuyankha nditangotseka pakamwa, koma yachisanu ndi chiwiri inayankha ndisanafunse, n'kuwonjezanso yankho la funso limene ndinadzaliganiza Lachinayi, moti nditaiika m'bokosi inkamaliza ntchito ya Lolemba tsiku Lamulungu, mpaka akulu ampingo anabwera kudzaidzudzula kuti ikuswa Sabata. Mukumva? Memore ndinathira yochuluka kwambiri, mwakuti inayamba kukumbukira zinthu zimene sinauzidwe, ikundiuza kumene ndinataya legeni ndili sitandade thuu, ndi dzina lenileni la munthu wina pano amene ku Joni kuno amatchedwa Sipho. Musaweramitse mutu, achimwene, sinditchula.

Tsono khadi la zithunzi, lija limapatsa makina mphamvu yojambulira, ndinalisankha mmene bambo anga ankasankhira mbuzi pamsika wa Lizulu: kulinyamula, kuligogoda m'nthiti, kuliyang'ana mano. Ndinapeza lalitali ngati chitseko, linakhala mpando wa anthu atatu mu takisi ya ku Wattville, ndipo poliyesa ndinajambula tambala wa pachikwangwani cha mayi wogulitsa nkhuku, ndisanamalize mchira tambalayo analira, misoti yonse ya mumsewu wathu n'kukhamukira pazenera, mawa lake mazira ali mbwee pakhonde. Koma linkatentha! Unali mwezi wa Julayi, chisanu chija chimang'amba milomo, koma mumsewu mwathu anthu anavula majekete, matewera ankauma asanafike pachingwe, mtengo wamapichesi wa eni nyumba n'kuchita maluwa usanakwane mwezi wake.

Ndiye panafunika fani yoziziritsa. Ndinaipeza, sindikuuzani kuti kuti. Nditangoiyatsa kuti ndione ngati ikuzungulira, ndege imene inkatsika kuti itere pabwalo lija la pafupi ndi Jet Park inaima m'malere ngati kabawi, inaima, inaima, kenako n'kuyamba kubwerera chafutambuyo mpaka ku Lilongwe, ndipo anyamata amene anali m'menemo kudzafuna ntchito anatsikira kwawo, lero ali ndi minda ya tomato ndi matupi osalala, amandilembera makalata othokoza. Kabokosi kogawa magetsi ndiye musanene. Tsiku limene ndinakalumikiza kukhoma, kuyambira Germiston mpaka Springs kunachita bii, maloboti onse kufa, ndipo kuthimathima kwa magetsi kuno kunayamba tsiku lomwelo. Akuluakulu ankafotokoza za malasha pawailesi, ine ndili phee ngati sindikudziwa kanthu. Mukumva, a Mbewe? Makandulo onse mwagula zaka zonsezi, ndine.

Koma zonsezo zinali masewera. Ntchito inali pa sikirini.

Inu simudziwa. Masikirini a m'sitolo amawaonetsa ndi maluwa, mbalame zamawangamawanga ndi akazi achizungu ali kunyanja. Ikanipo nkhope yathuyi muone: ina imakusandutsa phulusa, ina biringanya, ina imangosiya mano ndi maso ngati mphaka ali m'nkhokwe. Pamene makasitomala anga ndi inu nomwe, ofuna chithunzi chotumiza kumudzi mutatsamira galimoto ya bwana, makiyi a geti ali m'manja. Munthu akhoza kukhululuka ukamuchotsera galimoto, koma osati ukamuchotsera khungu.

Mayi a Tadala ankachapa zovala kwa amwenye ku Actonville, mwana analibe womusiyira. Ndinatenga chitenje chawo, n'kumubereka Tadala kumbuyo, mwamuna wandevu, n'kuyamba ulendo. Ndikalowa m'sitolo ndinkapempha kuti aike chithunzi chake pasikirini, ine n'kumasula chitenje, n'kugundanitsa tsaya lake ndi galasi. Zikasiyana, ndinkamuberekanso, ulendo. Wogulitsa wina ku Boksburg anagwira m'mutu, "Hhayi, baba, mwabwera kudzagula kapena kudzabatiza?" Ndinayenda masitolo makumi anayi ndi awiri, Benoni, Kempton Park, Germiston, nsapato zinatha ndinayamba kuyendera masokosi, masokosi atatha ndinayendera chikhulupiriro, botolo la mkaka lili m'thumba la jekete, matewera m'thumba linalo, mpaka m'kasitolo kena kakang'ono ndinagundanitsa tsaya ndi galasi, ntchentche imene inali pa mwana weniweni n'kunyamuka kukatera pa wa m'galasi. Ndinati basi, ndi imeneyi. Nditafika nayo kunyumba, mayi a Tadala anamasula bulauzi n'kunyamula sikirini kuti aiyamwitse.

Tsiku la a Nkhoma linafika, Loweruka m'mawa. Ndinasindikiza chithunzi cha Tadala chachikulu ngati iye mwini, n'kuchigoneka pamphasa pambali pake. A Nkhoma analowa nkhope ili gwa, sanafune ndi tiyi yemwe, anangowerama n'kunyamula mwana, ulendo ku thiraki. Anadutsa Musina, anadutsa Harare, mwana akumuseketsa, akumugulira yogati, pa chipata cha Nyamapanda a zamalire anafunsa pasipoti yake, pa Tete analira ndi kutentha anamukupizira, ndipo anadzazindikira ali pa Mwanza, pofuna kusintha thewera, kuti kumbuyo kwa mwanayo kunali koyera, kolembedwa dzina la fakitale ya mapepala! Anachita manyazi, mpaka lero...

Mayi a Tadala, chifuwa chimenecho chayamba liti? Mwatsamwa? Imwani madzi.

Chabwino. Chabwino, ndanena kuti chabwino. Pali pena pamene mchere unapitirira pang'ono.

Fani ija inagwetsa kalendala pakhoma, za ndege sindinazione ndi maso anga. Bokosi ndi ziwalo zina, inde, a Mbewe, anandipatsa adona a ku Bedfordview posesa galaja, koma sizinali pa zinyalala, zinali pafupi chabe. Ndipo pa kusankha konse kuja ndinaiwala chinthu chimodzi: pulinta. Sindinaiganize n'komwe. Loweruka lija ndinathamangira pakashopu ka pakona kuti andisindikizire, inki yawo inali yotha, Tadala wanga anatuluka wobiriwira ngati chisoso.

Ndinawapatsa a Nkhoma pepalalo. Ndinati ndiyatse kompyuta aone chenicheni, magetsi n'kuthima. Chikwama cha mayi ndi mwana chinali kale pakhomo, tizovala take tonse tili m'menemo. Ine mwana ali kumbuyo, ndinaiwala kumutsitsa, zala zake zili m'kolala yanga.

A Nkhoma anayang'ana pepala, anayang'ana ine, anayang'ana nsapato zanga. Anafunsa mayi a Tadala, "Iwe Esinati, chitenjechi amamanga okha?"

Mayi a Tadala anati, "Okha, malume. Masabata atatu. Mwanayu kwa ine akumakana kugona."

A Nkhoma anaseka mpaka anakhala pa ndowa. Kenako anapinda pepala lija bwinobwino n'kuliika m'thumba la malaya. Anati, "Luso ndiye sindinalione. Koma womuchotsa mwanayu pamsana pamenepo akhale wina, ine ayi. Bwezerani chikwamacho m'nyumba."

Masitolo ndiye anali makumi anayi ndi awiri, pamenepo sindichotsapo ngakhale imodzi. Pulinta ndinagula chaka chotsatira, ndipo zithunzi zanu zonse zili m'makatoni awa zatuluka m'makina omwewo, kuphatikizapo chanu, a Mbewe, chimene mwaima pakhomo la nyumba yosanja ya ku Bedfordview ngati munaimanga ndinu.

Tsono amene akukayikabe apite ku Jet Park Lachitatu, akayang'ane pagalasi la thiraki ya a Nkhoma, akapeza mwana wobiriwira atamatidwa pamenepo. Akatero abwere kuno adzaone weniweni. Tadala! Siya chingwe, bwera udzawaonetse a Mbewe tsaya.