Bolopeni Zofiira ku Chawama

Lolemba
Mapepala a mafunso ali m'chikwama. Funso langa: kodi kupemphera kumachepetsa nkhawa? Ndaphunzitsa za maganizo a anthu pa yunivesite mpaka imvi, koma mabwana akuti popanda kafukufuku watsopano ntchito yanga itha. Ndiyambira ku komboni ya Chawama, mu mpingo wa Ba Pasita Mwansa.

Lachiwiri
Azimayi a mumpingo andilandira ndi tiyi ndi mabanzi. Ndikugawa mapepala. Pansi pali posaina, kusonyeza kuti munthu wavomera yekha. Ba Na Chanda, mtsogoleri wawo, akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi: "Manje maina yathu mufuna kuyapeleka kuti?" Ndikutulutsa bolopeni. Zonse zofiira! Palibe wasaina.

Lachitatu
Mbiri yafika kumsika: kwabwera mayi wa satana wolemba anthu maina ndi magazi. Wogulitsa tomato akuchenjeza ine ndemwe: "Muzichenjela mami, amavala magalasi monga imwe." Ndavula magalasi msangamsanga. Ndagwera m'ngalande.

Lachinayi
Zotsala: mapepala onyowa, bondo lotupa, nsapato imodzi yonunkha. Kondakitala wa minibasi wandizindikira, wanditsitsa ati yadzaza: "Ba madamu selukani, yazula!" Mipando isanu ilibe anthu. Ndayenda wapansi, ndikucheukacheuka.

Lachisanu
Foni ya Ba Pasita: "Mubwele pa Sande, mukambe pamaso pa mpingo." Basi, adula. Kupuma pang'onopang'ono kumene ndimaphunzitsa ophunzira anga ndayesa kanayi. Sikukuthandiza.

Loweruka
Amayi aimba foni kuchokera ku Chipata, akulira: "Mwana wanga, n'zoona zimene tikumvazi?" Zafika bwanji kumeneko? Ndikuyeserera pagalasi mawu okalankhula mawa. Ngakhale ine sindikudzikhulupirira.

Lamlungu
Sanandipatse mpata wolankhula. Andigwaditsa pakati, manja ambirimbiri pamutu, mpingo wonse: "Choka! Choka!" Mapepala anga awotchedwa pa mbaula panja. Ndalira zenizeni, mamina ndi misozi, mwina mantha, mwina kutopa. Ba Na Chanda andipukuta nkhope ndi chitenje chawo: "Yasila mwana wanga, wamasuka." Zoti ndikauze chiyani mabwana mawa, sindikudziwa. Pakadali pano andilowetsa kwaya. Kuyeserera nyimbo ndi Lachiwiri, yunifomu ndi yoyera. Mawu anga ndi a chule, koma kukana ndikuopa.