Utsi wa Chidakwa ku Bwanje

Imikani kaye njinga zanuzo, anyamata a kabaza inu, basi ya ku Balaka sinafike ndipo palibe pasinjala amene akuthaweni. Ndamva wina pano akuti madala Nzunga sanagwirepo chiwongolero, amangodziwa kukhala pa bawo. Wanena ndani? Iwe wa chipewa chofiira, usabisale kumbuyo kwa mnzako. Chabwino. Ndikulumbira pali Mulungu kumwamba, pali manda a bambo anga kuphiri uko, pali Baibulo la akazi anga lija lothothoka chikuto: zonse zimene ndinene pano ndi zoona, ndipo ndikanamapo ngakhale liwu limodzi, mano anayi anditsalirawa agwere m'fumbi muno inu mukuona.

Ine Lufeyo Nzunga ndinali ndi lole. Osati yobwereka, osati ya bwana, yangayanga, ya matani seveni, yobiriwira ngati masamba a mpiru, yatsopano mipando ikadali m'mapepala. Ndinakaigula ku Blantyre zaka zingapo matipate atabwera, nditalima mbatatesi kumtunda kuno zaka khumi ndi zisanu osagulapo nsapato. Tsiku limene ndinafika nayo pano pa Manjawira msika wonse unaima, ogulitsa tomato anasiya madengu, ndipo mbuzi za mseri mwa chigayo zinabwera kudzadziyang'anira pa chitseko ngati pa galasi.

Litatha sabata ndinasolola kawaya koyezera oyilo. Kouma gwaa. Ndinati mwina akugalaja anaiwala kuthira, ndinathira chigubu chathunthu, ndinanyamula matumba kupita ku Ntcheu Boma, ndifike kumsika ndisololenso, kouma ngati fupa la chaka chatha. Mukumva? Dizilo inkamwa mwaulemu ngati mlendo, koma oyilo inkachita kum'meza, ukamathira umamva m'kati mukulira kuti gudyu, gudyu, ndipo ukasiya injini inkatsokomola kawiri ngati munthu wofuna kuonjezeredwa. Anthu a pano ndi amene anaipatsa dzina loti Chidakwa. Ine ndinakwiya masiku awiri, kenaka ndinakalembetsa dzinalo pamwamba pa galasi ndi penti yoyera, chifukwa chinthu chikamatchuka mwini wake amatchuka nacho.

Tsono oyilo yense uja ankatulukira kumbuyo ngati utsi, koma musaganize za kautsi ka minibasi kamene mumatseka nako mphuno inuka ayi. Utsi wa Chidakwa unali woti ndikadutsa masana dzuwa lili paliombo nkhuku zinkakwera m'mitengo kukagona, amayi ankaanula zovala poyesa mvula, ndipo mlimi wina wa kuseri kuno anadzala chimanga mu Ogasiti chifukwa cha mtambo wanga. Ukakhala m'mawa kukuzizira unkauma, anthu n'kumaudula ndi chikwanje, ena anafolera nawo makola a nkhumba. Madontho ake akuda amene ankagwa mu ekizozi anamata msewu wafumbi wopita kwathu mpaka unasanduka tala, ndipo wandale wina anabwera ndi gulu la amayi ovina kudzadula riboni, akuti chitukuko chimene analonjeza chafika. Ine ndinali pomwepo, ndinaomba nawo m'manja.

Ndinabwerera ku Blantyre kwa amene anandigulitsa. Mnyamata wa tayi anandikhazika pa mpando wa ndalema, nati, "Bambo Nzunga, injini yatsopano imatero, ikuzolowera." Ulendo wachiwiri anati vuto ndi mapiri a kwathu. Ndinamufunsa ngati mapiriwo anamera nditagula kale galimoto. Ulendo wachitatu anatulutsa chibuku cha Chingerezi, naloza ndi cholembera pamzere wina, akuti opanga analemba okha kuti kumwa pang'ono n'kololedwa. Ine sukulu ndinalekezera sitandade faifi, koma pang'ono ndimamudziwa, ndipo chigubu pa ulendo uliwonse si pang'ono. Ndinapempha keyala ya eni ake enieni, amene anaiumba kutsidya kwa nyanja uko, ndinawalembera ndekha m'Chingerezi changa makalata khumi ndi asanu ndi awiri, ndipo m'kalata yomaliza ndinadula kachidutswa ka utsi n'kukaikamo kuti adzionere okha, moti a papositi ataiyeza pa sikelo anandiuza kuti ndionjezere masitampa atatu.

Podikira yankho oyilo anatha m'masitolo onse kuyambira pano mpaka ku Boma. Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndikuvomera pamaso panu, chifukwa ine si munthu wobisa. Ndinayamba kuyang'ana m'nyumba.

Akazi anga ndi NaNdau, mwana wa ku Bwanje, munthu wosalankhulalankhula koma amene akakuyang'ana umakumbukira machimo a ubwana wako. Ndinayamba ndi mafuta a nsatsi amene apongozi anawapatsa. Chidakwa inamwa. Ndinatenga mafuta odzola a ana, mpaka mwana wathu Rute ankapita kusukulu atatuwa ngati wagona paphulusa. Inamwanso. Tsiku lina lachinayi, amayi a mvano akubwera kudzapemphera kwathu, NaNdau anakanda ufa wa mandasi beseni lonse, anakoleza moto, anaika chiwaya, atenge botolo la mafuta ophikira limene anasunga mwezi wathunthu, lopepuka. Amayi aja anamwa tiyi ndi mbatata yowotcha, mmodzi n'kufunsa mokoma mtima ngati pakhomo pano pagwa vuto. Atachoka, NaNdau anamanga zovala m'chitenje.

"Abambo ake a Rute," anatero, "sindinadziwe kuti mwakwatira mitala. Mnzangayo ndiye mukumudyetsa, ine ndikapume kwathu."

Anakwera kabaza wa bambo ako iwe wa chipewa chofiira, ukawafunse. Ndinakhala miyezi itatu ndekha, nyumba yachita zii, ndikudya chimanga chokazinga ngati mbeta yaimuna, malaya onse akuda ndi oyilo popanda wondiuza kuti vulani. Ndinatuma ankhoswe kawiri. Alamu anga a Ndau, mchimwene wawo wa NaNdau, amene amalima mpunga mu sikimu ya mthirira ya ku Bwanje, anawabweza ndi mawu amodzi okha: chemwali awo adzabwerera tsiku limene galimotoyo idzachite chinthu chanzeru. Anyamata inu, ndinkatha kugulitsa lole, koma ndani akanagula chidakwa? Ndipo ndikanagulitsa, ndiye kuti mnyamata wa tayi uja wapambana.

Mwezi umene mpunga umaweramitsa mitu ndinaganiza zopita ndekha kukagwada. Ndinanyamuka m'mawa, ndinatsika msewu wafumbi wa kuchigwa kuja kukutentha ngati m'ng'anjo, ndipo ndisanafike mu sikimu ndinaona mtambo wakuda kutsogolo kwanga, ndinadabwa kuti kodi utsi wanga wayamba kundipitirira. Sunali utsi. Zinali mpheta. Mukumva? Mbalame zimene zija sizinaonekepo chiyambire, zinaphimba dzuwa kuchokera kumapiri mpaka kumene maso amalekezera, zikatera pamtengo mtengo unkagona pansi, zikamwa m'ngalande madzi ankaphwa achule n'kutsala akuyang'anana, ndipo phokoso la mapiko ake linagwetsa denga la tchalitchi lina. Chigwa chonse chinali m'minda, amuna, amayi, nkhalamba za ndodo, kumenya zitini, kuponya zibuma, kukoka zingwe za mapepala, mawu atasasa onse, mpheta osasuntha n'komwe, zina zikutera pa chitini chomwecho chimene munthu akumenya.

Alamu anga ndinawapeza atakhala pamzere wa munda manja ali m'mutu. Kumbuyo kwawo kunali NaNdau, ataonda, akugwedeza chitenje pa kamunda kamene mchimwene wawo anawadulira. Sanandipatse moni. Koma ine ndinali nditaona kale chinthu: mmene ndinadutsa ndi Chidakwa, m'mtambo wa mbalame uja munatsala mpata woongoka ngati msewu.

Ndinakwera pamwamba pa lole n'kukuwa kuti aliyense amene akufuna kudya mpunga chaka chino abweretse mafuta, mafuta alionse. Alamu anga anati, "Mwasowetsa mtendere kwanu, tsopano mwabwera kudzakomba kuno?" Ndinati alamu, mundipatse mpaka dzuwa lipendeke, zikakanika makiyi awa mukawaponye m'ngalande nokha. Anthu anathamangira m'midzi, anabwera ndi mabotolo, makapu, zikho, wokazinga tchipisi wa pamphambano anabwera atasenza chiwaya chake chikadali chotentha, mchere ndi tsabola zili momwemo, wopha nkhumba anabweretsa mafuta m'ndowa, telala anakhuthula kabotolo ka makina ake osokera, ndipo ine ndinathira zonsezo, Chidakwa ikumeza, ikunyambita, mpaka inabzikula.

Ndinaliza injini. Ndinaponda moto mpaka phazi linatulukira pansi. Anyamata inu, utsi umene unatuluka tsiku limenelo ndi umene ndidzaufotokoze kumwamba akadzandifunsa chimene ndinachita padziko: unakwera ngati phiri, unagundana ndi mtambo wa mpheta mpaka kunamveka kuti phuu ku Ntcheu Boma odwala m'chipatala anadzuka n'kukhala tsonga, ndipo ine ndinayendetsa matani seveni pa timizere ta pakati pa minda timene inu simungadutsepo ndi njinga, matayala a kumanzere pamzere, a kumanja m'malere, giya wani, giya thu, kuzungulira chigawo ndi chigawo, dzanja limodzi pachiwongolero, linalo ndikuongolera utsi ndi chipewa kuti upite kumene ndikufuna. Mbalame zinayamba kugwa. Ndipo popeza utsiwo unali wa mafuta ophikira, wotentha, wa mchere ndi tsabola wa m'chiwaya muja, zinkafika pansi zitapsa kale, nthenga zitawauka, zofiirira bwino, anthu n'kumangotchera madengu. Mpheta zokazinga zimene amagulitsa m'mbali mwa msewuzi mukuganiza kuti anayambitsa ndani?

Dzuwa likupendeka chigwa chonse chinayera, kupatula ngodya imodzi. Mbalame zonse zotsala zinathawira kumeneko, mulu wake ngati chulu, ndipo ngodyayo inali munda wa alamu anga ndi kamunda ka NaNdau. Pomwepo kanyali kofiira kanayaka, injini inayamba kugogoda ngati munthu wakhomedwa ndi fupa pakhosi, utsi unachepa n'kukhala ngati wa ndudu. Ndinasolola kawaya. Kouma. Ndinayang'ana anthu, aliyense anatembenuza botolo lake chadodolido. M'chigwa chonse cha Bwanje munalibenso dontho.

Kenaka ndinaona NaNdau akuchokera kumudzi, osathamanga, akuyenda mmene amayendera popita kumgonero, m'manja muli botolo. Linali lodzaza, chitsekerero chosatsegula, limene anagula ndi ndalama ya maganyu awo atafika kwawo. Anaima patsogolo pa lole, anandiyang'ana nthawi yaitali, mpheta zikudya mpunga wawo kumbuyo.

"Tsegulani pakamwa pa mkazi mnzangayo," anatero. "Ndimumwetsa ndekha. Inu mumataya."

Anathira osagwetsa dontho. Chidakwa sinamezepo mwaulemu ngati tsiku limenelo. Inapuma kamodzi, n'kutulutsa chimtambo chimodzi chokha, chozungulira, chonunkhira mandasi, chimene chinakagwa pa ngodya paja ngati mbale yovundikira, ndipo chitayera panalibenso mbalame yamoyo, ziwiri zokha zimene zinathawira ku Mozambiki n'kukauza anzawo, moti zinatha zaka zisanu osabweranso. Mpunga wa chaka chimenecho unkaphikidwa wopanda kuthira mafuta, unali nawo kale.

Alamu anga anavula chipewa, nati, "Alamu, galimotoyi yachita chanzeru." NaNdau anakatenga chitenje chawo cha zovala, anakwera kutsogolo, anakhala pampando wa pawindo n'kundiuza kuti malaya amene ndavalawo ndikafika ndiwavule panja.

Mbiri inawoloka nyanja. Patatha mwezi, pano pomwe pamene paima njinga yakoyo, panaima galimoto yoyera, munatuluka injiniya wamkulu wa kampani ija, watsitsi la imvi, makalata anga onse khumi ndi asanu ndi awiri ali m'manja, kumbuyo kwake kuli mnyamata wa tayi uja, ndipo pa lole ina panali injini yatsopano yonyezimira. Mkuluyo anagwada m'fumbi muno, anapepesa m'Chichewa chothyokathyoka, anati analakwitsa kuumba, andisinthira ulere. Ndinamusiya agwade kaye mpaka nditamaliza chinangwa chimene ndinkadya. Kenaka ndinamuuza kuti bwana, pamene ndinkalira munati n'kololedwa, lero mwamva kuti yatchuka mukufuna mukaitsegule mukaone nzeru zake. Nyamulani chitsulo chanucho. Anapita akulira, ndipo mnyamata uja anaiwala tayi yake pa mtengo uwo.

Chidakwa inagwira ntchito zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo lero ili kuseri kwa nyumba yanga, nkhuku zimaikiramo. NaNdau ali kunyumba, mukapita muwapeza akupeta. Mafuta ophikira amawatsekera m'sutikesi mpaka lero, kiyi amamanga m'chiuno, ngakhale lole inafa kalekale.

Basi yanu ija ikubwera apo, kwerani njinga. Iwe wa chipewa, usayang'ane mano angawo, onse anayi alipo. Kungoti za injiniya wogwada zija ndaonjezerako pang'ono. Sanabwere. Anthu amene aja sanayankhe ngakhale kalata imodzi, ndipo ndikamadutsa papositi ndimafunsabe.