Fumbi la Zaida pa Kanema

Kwa Senyoro Diretori,
Kampani ya Mbale za Padenga,
kulikonse kumene mumakhala.

Bambo wolemekezeka,

Ndine Leopoldina wa ku Zóbuè, kufupi ndi malire a Malawi, mayi wake wa Zaida. Sukulu ndinalekeza kalasi yachiwiri, choncho akundilembera ndi mpongozi wanga Fatinha, ndipo ndamuuza asakometse mawu.

Zaida anaphunzira zaluso ku Maputo. Anatiuza kuti Lamlungu masana ntchito yake idzaoneka pa kanema wa setilaiti pomwe ikuchitika, kamodzi kokha. Ndinaitana akwaya onse pamodzi ndi akatekisita. Tsono landirani mathokozo anga.

Choyamba, telefoni yanu. Masiku atatu ndinkafunsa kanali imene ntchitoyo idzaonekere pa kanema. Mawu okoma a mtsikana ankati ndidine nambala iyi, ndidine iyo, kenako nyimbo. Nyimboyo ndailoweza, mwina idzathandiza pamaliro.

Chachiwiri, anthu anu a ku Moatize, amene anandiuza kuti ndifufuze pa intaneti. Tinakwera chitunda cha kuseri kwa tchalitchi foni ili m'mwamba, ndipo inatilandira ku Malawi mwaulemu, popanda pasipoti.

Chachitatu ndicho chachikulu. Kanaliyo tinaipeza tokha, kumapeto kwenikweni, kuseri kwa alaliki ndi mpira, yopanda dzina. Koma pagalasi pankangouluka timadontho takuda, mkokomo uli guu. Amuna anga a Policarpo, ndi mawondo awo odwala aja, anakwera padenga kukapotoza mbale ola lathunthu, akwaya akuwalozera kumanzere ndi kumanja. Akatekisita anamenya dekoda mbama ziwiri. Alendo anabalalika akundimvera chisoni, wina akunong'ona kuti mwina mwanayo amangogulitsa malalanje ku Maputoko.

Kenako Zaida anayimba foni kufunsa ngati tazindikira malowo. Anaika kamera pamene panali nyumba yathu okumba malasha asanatisamutse. Zimene tinkayesa kufa kwa kanema linali fumbi la malasha likuuluka pabwalo lathu, pamene ndinakwirira mchombo wake. Mbale yanu tsiku limenelo inagwira bwino koyamba chaka chino. Mwatizoloweza chithunzi choipa, bambo, mpaka chabwino chitabwera tinachimenya.

Anthu anu akuti chinthu chooneka pomwe chikuchitika sichibwerezedwa. Ine wosaphunzira sindingatsutse. Ndingokudziwitsani kuti fumbilo silinapite kulikonse: limadzuka m'mawa uliwonse, Lamlungu lomwe, ndipo silifuna kuyeserera. Chonde, mukapeza mpata pakati pa misonkhano yanu, mulole mwanayo ayatsenso kamera pamalo omwewo, akwaya aone kuti sindinawanamize. Dzina lake mulembe pansi ndi zilembo zikuluzikulu, zoti ngakhale ine ndi inu tikhoze kuwerenga.

Wanu wogwada mpaka pamene mawondo alolera,

Leopoldina, mayi wake wa Zaida
(chala changa chili apa)