Mmene Ndinakwezera Denga la Shedi Ndekha

Amene akuti ndikunama adzuke pompano, atuluke panja akayang'ane denga la shedi ino, akabwera andiuze ngati mu Hatcliffe monse muli denga lina lokhala bwino chonchi pa zipupa zake. Inu a Zuze, ndakuonani mukupotoza mlomo ngati mwalawa bwemba. Sekani, mano ndi anu. Koma malata akukutchingirani dzuwawa ndinawakweza ndekha, ine Yohane Phiri, ndi mutu wanga wadaziwu, popanda makwerero, popanda munthu wogwira ngakhale ngodya imodzi. Inu nthawi imeneyo munali mutapita kwanu ku Tete kumaliro, ndiye khalani chete mumve kwa mwini wake.

Nkhani inayamba ndi mimba. Mwana wathu Tadala, amene anakwatiwa ndi mnyamata wa Chishona wa ku Epworth, anali woyembekezera koyamba, ndipo mwambo wa kuno mukuudziwa, mimba yoyamba mkazi amabwerera kwa amake kukadikira mpaka atachira. Tsono chipinda chake chija ine ndinali nditachisandutsa mogwirira ntchito: masowo, puleni, matchizulo, bokosi la zida la malemu bambo anga, matabwa, mipando yothyoka ya anthu, ndi utuchi wofika m'mawondo. Amake Tadala anaima pakhomo m'mawa wina, manja m'chiuno, nkuti, "Bambo a Tadala, mwana sangadikirire pa utuchi. Mwezi ukamatha chipindachi chikhale choyera, apo ayi akachirira kwa apongozi ake, anthu aziti kwa Phiri kulibe malo a mwana wawo." Mawu amenewo anandibaya, sindibisa. Mwana mmodzi yekhayo wamkazi, akachirire kwa eni ake ine ndili moyo?

Tsiku lomwelo ndinavula malaya. Ndinakumba dothi kuseri kwa nyumba nkuyamba kuumba njerwa zomangira shedi ino yoti ndisamutsiremo zidazo, ndipo ndinkaumba mothamanga kwambiri moti chikombole chinatentha, njerwa nkumatuluka zopsa kale, zofiira, osafunanso uvuni, mpaka mayi wina wogulitsa chimanga chootcha anabwera kudzapempha kuti aziika chimanga chake pa njerwa zangazo. Mukumva? Zipupa zinayi ndinazimanga pakati pa tiyi wa m'mawa ndi chakudya cha masana, ndipo zinakwera msanga moti mthunzi wake unatsalira, unachita kufika mawa lake uli wefuwefu. Matabwa ndinkacheka utuchi uli kobo m'mwamba, anthu a mzere wathu wa nyumba nkuyesa kwatsegulidwa chigayo, ena kubwera ndi matumba a chimanga pamutu ndi pa mawilibala, ine nkumawabweza. Misomali yakale yopindika ndinkawongola ndi mano, ndiye chifukwa chake awiri akutsogolowa kulibe, osati zimene amanena amake Tadala za mtedza wokazinga.

Tsopano za denga. Malemu bambo anga anabwera kuno wapansi kuchokera ku Dedza, ndipo tili ana ankatiuza kuti kwathu denga salimangira m'mwamba ngati mbalame, amalimangira pansi, munthu ataima bwinobwino, likatha amuna amalinyamula nkulikhazika pa chipupa. Ine ndinabadwira konkuno, ku Dedzako ndinangopondako kamodzi, koma mawu a bambo ndinawasunga. Chimene sanandiuze, kapena anandiuza ine ndikusinza, nchakuti denga lakwathulo limakhala la nsungwi ndi udzu. Ndiye ine ndinayala pansi mitanda ya bulugamu yaiwisi, yonenepa ngati ntchafu yanga, nkukhomerapo phaso, nkukhomerapo malata khumi ndi awiri, aja akale olemera, osati amasiku ano oti ukayetsemula amapindika. Anthu odutsa ankasuzumira pa mpanda nkumandilangiza kuti kuno timayamba taika mitengo pamwamba, malata nkumakweza limodzilimodzi, kenako nkutsindira ndi miyala ndi matayala. Ndinawayankha kuti nyumba yanga si galimoto yoti ivale matayala.

Amake Tadala analizungulira dengalo kawiri, nkulikankha ndi phazi, osasuntha. Anati, "Mutu umodzi susenza denga. Ndiphike thobwa, muitane anzanu." Ndinakana. Anthu a masiku ano akakugwirira ngodya imodzi, mawa auza dziko lonse kuti shedi anamanga ndi iwo.

Linali tsiku lotentha la mwezi wa Okutobala, masana, agalu ali lilime panja. Ndinapinda tchubu cha tayala la kombi, minibasi ya kuno, kukhala nkhata, nkukwawira pansi pa denga, nkuliika pamutu, nkuwerenga mpaka katatu, nkudzuka. Dengalo linakwera, koma miyendo yanga inalowa m'nthaka, kuyamba akakolo, kenako mawondo, kenako chiuno, mpaka ndinamva kuzizira ku zala, ndipo nditazula mwendo wamanja madzi anatumphuka, ndiye chitsime chimene mzere wonse ukutungapo lero mipopi ikauma, chija mumati anakumba aganyu. Mukumva, a Zuze? Ndinayenda mapazi atatu denga lili pamutu, kwatsala pang'ono kuti ndilikhazike, apo nkuti kamvuluvulu akubwera kuchokera kuminda, wamtali kuposa mitengo ya magetsi, atanyamula mapepala a pulasitiki, zovala za pachingwe za anthu atatu, beseni, ndi nkhuku yaikazi imodzi imene inali itasiya kale kudandaula.

Kamvuluvuluyo analowa pansi pa malata, kutitembenuza ine ndi denga langa, ndipo pamene ndinkatsegula maso ndinali pamwamba, nditakhala ngati mfumu, nyundo ili m'lamba, nkhuku ija ili pambali panga, Hatcliffe yense ali pansi ngati mabokosi a machesi. Sindinaope. Ndinangodandaula kuti chipewa ndasiya. Tinadutsa pa siteji ya makombi, makondakitala nkumakuwa kufunsa ngati muli malo a anthu awiri, tinalowera kummawa mpaka ku Caledonia, kumene anthu ataona denga latsopano likuyenda lokha m'mwamba anatuluka ndi mitengo m'manja, aliyense nkumathamangira mthunzi wake nkumazika nsanamira paliponse pamene mthunziwo waima, kuyesa Mulungu wayamba kugawa malata, ndipo mpaka lero mukapita kumeneko mupeza nsanamira zinayizinayi zili chiimire zikudikira ine.

Dzuwa linali pafupi, malata anatentha, nkhuku ija nkuikira dzira, dziralo nkupsa pomwepo, ine nkudya, chifukwa munthu sagwira ntchito ndi njala. Nditakhuta ndinaona kuti misomali ina sinalowe bwino, ndiye ndinayamba kukhoma tili m'mwamba momwemo, ndipo phokoso lake anthu a m'tauni anayesa mabingu, azimayi nkuanula zovala. Chakumwera kunatulukira ndege ikufuna kutera, ine nkutulutsa dzanja ngati ndili pa njinga, woyendetsayo nkundipatsa njira, nkundigwedezera mutu mwaulemu, poti anaona kuti ndine wamkulu. Kufika ku Epworth, pa miyala ija yosanjikizana, ndinaona mwala wapamwamba utapendekeka, ukufuna kugwera nyumba za anthu, ndiye ndinaupondako ndi chidendene, mwalawo nkukhala bwino, denga langa nkutembenuka kuloza kwathu. Ntchito ziwiri, phazi limodzi. Pamenepo ndinaona nyumba ya mkamwini wanga, Tadala ali panja akutsuka mbale, ndipo ndinamuuza ndili m'mwamba kuti alongedze, chipinda chatsala pang'ono.

Pobwerera mitambo yakuda inali kutithamangira kuchokera kwanu ku Mozambiki, a Zuze, kamvuluvulu naye atatopa, akufuna kunditula pa denga la tchalitchi. Ndinamukalipira m'Chichewa, osamva, poti ngobadwira kuno. Ndinamukalipira m'Chishona, apo anachita manyazi, nkundinyamula bwinobwino mpaka pakhomo pano, nkutsitsa denga pa zipupa kuti khwa, ngodya ndi ngodya, osatsala mpata wolowa ngakhale lumo. Dontho loyamba la mvula linagwa ine ndikutsika, ndipo nkhuku ija ndi imene inabereka nkhuku zonse mukuziona pabwalozi. Amene akukayika akafunse nkhukuzo.

Mwamva kutsokomolako? Ndi amake Tadala amenewo, aima kuseri kwa chitseko ndi mdzukulu kumsana. Chifuwa alibe. Amatsokomola choncho ndikafika pa nkhuku. Sendezani mipando kuno, ndilankhule motsitsa.

Pansi pa denga ndinakwawiradi, nkhata ndinaikadi. Nditawerenga katatu nkudzuka, chimene chinasuntha ndi msana wanga. Unalira ngati nkhuni youma, ndipo amake Tadala anachita kundikoka miyendo kunditulutsa. Masabata awiri ndinagona pa mphasa, denga lili pansi udzu nkumamera m'mbali, zida zili m'chipinda momwe zinalili, ndipo tsiku lililonse mayiwa akafunsa za thobwa ine ndinkati mawa ndidzuka. Kenako Tadala anafika, masiku asanakwane, ndi azakhali a mwamuna wake omuperekeza, zikwama ziwiri ndi beseni latsopano. Anatsegula chipinda chake, nkuona utuchi, nkutseka mwakachetechete. Anabwera kudzagwada movutikira pafupi ndi mphasa yanga nkuti, "Ababa, musadzivute. Ndibwerera nawo azakhaliwa, kumenekonso anthu amachira." Sanakwiye, ndipo ndi zimene zinandipweteka. Akanakalipa ndikanamuyankha. Ndinatembenukira kukhoma misozi ikulowa m'khutu, ndipo ndinauza amake kuti aitane aliyense amene angabwere.

Amuna anali kuntchito ndi kumisika. Anabwera ndi amayi a kumpingo, khumi ndi anayi, ndi azakhali a Chishona aja achikhumi ndi chisanu, zitenje atamanga m'chiuno. Ine manyazi anandigwira kuti andipeze pa mphasa, ndiye ndinakwawa nkukwera pa denga lija lili pansi, ndi nyundo, kuti azindiona ndikukhoma kanthu. Nditangosamula nyundo msana unagwiranso, nkukhala chafufumimba pa malata, kutsika osatheka. Mitambo inali itadadi, imeneyo sindinaname. Mayi wina wamkulu anandiyang'ana nkunena kuti nthawi yonditsitsa palibe, bamboyu ngwopepuka kuposa mtanda umodzi. Anayambitsa nyimbo, nkugwira m'mbali monse, Tadala ataima patali akuwauza kuti kumanzere pang'ono, ndipo denga linanyamuka ine ndili pomwepo, nditakumbatira nyundo, maso nditatseka.

Ndiye kuuluka ndinaulukadi, a Zuze, musandichotsere. Kungoti ku Epworth sindinafike. Nditatsegula maso ndinaona kuseri kwa mpanda wanu, ndi mbuzi yanu ikudya sopo. Ananditsitsa pa chitseko chakale ngati thumba la simenti, nkundigoneka pakona apo, ndipo ndili chigonere amayi aja anatuta zida zonse kubweretsa muno, nkusesa chipinda, nkukolopa, mvula nkuyamba Tadala atayala kale bedi lake. Patapita masiku asanu ndi anayi anachira ku chipatala chapafupichi, ndipo mwana analowera m'nyumba ya agogo ake, osati kwina.

Thobwa anamwa onse, ine anachita kundimwetsa ndi supuni. Koma misomali yonse ili m'dengali ndinakhoma ndine, ndipo palibe umodzi wazuka. Kamtsikana kali kumsanako kakadzayamba kumva, inu mudzakauze za kamvuluvulu ndi ndege. Za amayi khumi ndi asanu musadzavutike nazo, agogo ake aakazi ayamba kale kukauza.