Mfuu ya Tenisi ndi Maliro a Asibweni

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa ku Vinthukutu pamapezeka wina wondifunsa kuti, "Lero kuli masewero kapena maliro?" Ine ndimangoyang'ana zala zanga za kumapazi. Nkhaniyi ndinailemba kale m'kabuku kanga, koma mmenemo ndinadzikometsera pang'ono. Apa ndinena mmene zinakhaliradi.

Amalume anga, amene kwathu timati asibweni, anabwera kudzakhala nafe atadwala. Mwendo ndi mkono wa kumanzere zinali zitasiya kuwamvera. Anabwera ndi kanema wawo, dishi ndi sola. Nyengo yozizira ija, mpunga titakolola, ankaonera mpikisano waukulu wa tenisi wa ku Ulaya, uja amasewera pa udzu. Anzanga ankati ndi masewero ogonetsa tulo. Ine ndinkakhala pamkeka pafupi ndi mpando wawo, poti pamenepo panalibe wondiuza kuti ndikweze mawu (kusukulu aphunzitsi amachita kuwerama kuti amve yankho langa).

Zonse zinkandisangalatsa: udzu wometedwa bwino ngati mutu wa mwana tsiku lotsegulira sukulu, zovala zoyera mbee, khamu la anthu lili chete ngati m'tchalitchi. Koma amene ananditenga mtima anali katswiri wina, mtsikana wamtali, yemwe ankakuwa nthawi iliyonse akamenya mpira.

"Asibweni, samukalipira?" ndinanong'ona.

"Amukalipire ndani? Mphamvu zake zili m'mawumo. Iwenso mama, mawu uli nawo. Unangowapinda n'kuwasunga ngati chitenje cha pa Khirisimasi."

Loweruka lina amayi anapita kuchigayo, asibweni anagona atamwa mankhwala. Ndinavala diresi langa loyera la kwaya (lija amayi amati lisakhudze fumbi), n'kutenga thabwa la mpando wothyoka ndi mpira wakale wothothoka ubweya. Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nthochi, ng'ombe zinali zitadya udzu mpaka kuusalaza. Bwalo langa linali limenelo, kungoti ndinkayenera kulumpha ndowe. Wopikisana naye anali khoma la khitchini.

Mfuu yoyamba inatuluka ngati ya mwanapiye. Yachiwiri inadzidzimutsa nkhuku. Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe munthu. Ndiye ndinaponya mpira m'mwamba, n'kuumenya ndi mphamvu zanga zonse, mawu aja n'kutuluka onse, atali, onjenjemera kumapeto. Mpira unadumpha denga. Ndinasangalala kwambiri moti ndinabwerezanso popanda ndi mpira womwe.

Chimene ndinaiwala n'chakuti kwathu mfuu ya mkazi yochokera panyumba ya wodwala ili ndi tanthauzo limodzi basi.

AnyaGondwe, amayi oyandikana nafe, anali akuanika chinangwa. Sanafunse munthu. Anangoyamba kulira, ndipo a nyumba yotsatira analandira. Ine ndinali m'nthochi kufunafuna mpira pamene ndinamva kulirako kukubwera kwathu, wina akutchula dzina la asibweni.

Ndinadziwa kuti amwalira ali okha, ine ndikusewera kuseri. Ndinathamanga ndikulira, tsopano kulira kwenikweni, ndipo amene anandiona anatsimikiza kuti nkhani ndi yoona.

AnyaGondwe anandikumbatira pabwalo. "Pepa mwana, pepa. Taonani, wavala kale ndi za kwaya zomwe, mwana wanzeru."

Azibambo anayamba kufika atanyamula mabenchi a kutchalitchi. Wina anapalasa njinga kukatenga amayi. Palibe amene analowa m'nyumba, poti ankadikira mwini khomo. Kenako chitseko chinatseguka chokha, asibweni n'kutulukira atatsamira ndodo, bulangeti lili paphewa.

"Kasi wafwa ni njani?" anafunsa m'chinenero chathu. Wamwalira ndani?

Sindinkadziwa kuti anyaGondwe amatha kuthamanga. Anakaima kuseri kwa mtengo wa mango. Ine ndinagwira asibweni m'chiuno, osafuna kuwasiya.

Amayi anafika ufa uli m'tsitsi, nsapato zili m'manja. Ataona mlongo wawo ali chilili, anakhala pansi pomwepo. Atapuma anafunsa kuti, "Nanga analira ndani?"

"Mfuu inachokera kuno, katatu konse," anatero anyaGondwe ali patali ndithu.

"Kuno kunali mwana uyu yekha. Uyu angakuwe? Ngakhale njoka itamuluma amanong'ona," anatero amayi.

Asibweni anayang'ana diresi langa, kenako thabwa lomwe ndinali ndisanataye. Mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Mama, unapambana?"

"Mpira unasowa, asibweni."

"Ndiye kupambanako kumeneko." Anatembenukira kwa anthu aja, misozi ya chiseko ili m'masaya. "Mwabwera kale, mabenchi alipo. Tulutsani kanemayo pakhonde, lero atsikana akulimbirana chikho."

Mudzi wonse unaonera tenisi tsiku limenelo. Mtsikana wamtali uja atakuwa koyamba, mitu yonse inatembenukira kwa ine. AnyaGondwe anagwira pakamwa. "Yayi, wathuyu amamuposa." Ena ankadandaula kuti udzu wabwino chonchija palibe ngakhale mbuzi imodzi. Asibweni ankafotokoza malamulo ndi dzanja lawo limodzi lija, ndipo sindinawaonenso akuseka ngati tsiku limenelo. Ine ndinaonera masewero onse nkhope ili m'chitenje cha amayi (za diresi tinakambirana mawa lake, ndipo zimenezo sindilemba).

Asibweni anatisiya mpunga wotsatira usanache. Tsiku limenelo amayi ndiwo analira. Anthu anachedwa pang'ono kufika, ndipo anyaGondwe anayamba asuzumira pakhomo. Ine ndinatsegula pakamwa, koma sipanatuluke kanthu.

Kanema anatisiyira. Nyengo yozizira ikafika ndimakhalabe pamkeka pomwe paja, pafupi ndi mpando wawo. Ndipo ng'ombe zikasalaza udzu, ndimatengabe thabwa langa. Ndinayesapo kumenya mpira nditatseka pakamwa, koma sufika ndi pakhoma pomwe. Ndiye masiku ano ndimayamba ndadzera kwa anyaGondwe, n'kugwada pakhomo, n'kunong'ona kuti, "Mukamva, ndi ine."