Mazira awiri mu rediyeta

Kunyumba kwathu munthu akangotchula rediyeta, mkazi wanga amadzuka n'kupita kukatsuka mbale, ngakhale zikhale zotsukatsuka kale. Ine ndimatsala ndi mlendoyo, ndiye ndaona kuti ndi bwino nkhaniyi ndiziinena ndekha.

Zaka zimenezo ndinali ndi pikapu yakale imene ndinagula kwa mkulu wina wogulitsa nkhuni. Chitseko cha dalaivala chinkatsekedwa ndi waya, koma inali yanga. Kwathu ku Chileka ndinkadziwikanso ngati munthu wodziwa za injini (ndinagwirapo ntchito pa galaja ina ku Ndirande miyezi isanu, ya ulonda).

Apongozi anga aakazi anali atabwera kuchokera ku Chigaru kudzaona adzukulu. Tsiku lina m'mawa foni inalira: fetereza wa makuponi wafika ku Lirangwe, lole imodzi yokha, anthu ali kale pamzere. Amayiwo ndi amasiye, ndipo munda wawo popanda matumba awiri amenewo subereka kanthu. Kuponi anali ataimanga pansonga ya chitenje. Iwo ankafuna kukwera minibasi. Ine ndinakana. Apongozi anga akapanikizane m'minibasi galimoto ili pakhomo?

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi salankhulana maso ndi maso. Mawu amadzera mwa mkazi wako, olo nonse mukumvana bwinobwino. Choncho anakwera kumbuyo ndi mwana wawo Esinati, yemwe ndi mkazi wangayo, ine kutsogolo ndekha.

Tisanafike pamsewu wa tala, singano yosonyeza kutentha inakwera mpaka pofiira, nthunzi n'kuyamba kutuluka m'boneti. Ndinaima, ndinadikira kuti izizire, kenako ndinathira chigubu chonse cha madzi mu rediyeta. Inamwa onse. Ndinatembenuza chivundikiro chake uku ndi uku, n'kulengeza kuti vuto ndi chimenechi, mphira yake yatha. Ndinachikulunga ndi jumbo n'kutseka.

Apongozi anali atatsika n'kukhala pansi patsidya pa msewu, atatembenukira kumbali monga mwa ulemu. Pamene anakhalapo ankaona kunsi konse kwa galimoto. Ine ndinali kumwamba, mutu uli m'boneti.

"Iwe Esinati, uwauze abambo a Chifundo kuti galimotoyi ikudontha pansi."

"Amayi akuti ikudontha pansi," anatero Esinati.

"Muwauze amayi kuti amenewo ndi madzi amene ndataya pothira."

Tinanyamuka. Jumbo ija sinathandize. Nthunzi inabweranso, mwamwayi pafupi ndi kagolosale ka Che Saidi, bambo amene tinkadziwana pamalonda a nandolo. Apa ndinasintha maganizo: pali kabowo mu rediyeta. Mankhwala ake ndinkawadziwa, ndinawamva kwa madalaivala ku galaja kuja. Umaswera dzira m'madzimo, dziralo likapsa limakatseka bowo. Ndinagula awiri, poti galimotoyo inali yaikulu.

"Mazirawa ndi a paulendo?" anafunsa Che Saidi.

"Ndi a galimoto."

Anandiyang'ana, anayang'ana galimoto. "Chabwino. Mchere muli nawo?"

Ndinaswa mazira aja limodzilimodzi, anthu odikira kabaza akuonerera. Apongozi anali atakhalanso pansi chapatali pang'ono.

"Esinati, uwauze kuti ndi paipi yakunsiyo. Yang'aluka pafupi ndi pomangira pake."

"Amayi akuti…"

"Muwauze amayi kuti injini si dimba."

Esinati sanawauze. Panalibe chifukwa, anali masitepe asanu okha kuchokera pamene ndinaima. (Mawu amenewa ndikawakumbukira ndikuyenda ndekha, ndimaima kaye.)

Tinayenda mtunda woti Che Saidi ankationabe. Ulendo uno nthunzi inatuluka ndi fungo la chakudya cham'mawa. Ndinatsegula boneti n'kuima ndagwira m'chiuno, chifukwa nzeru zinali zitatha koma anthu asadziwe. Dzuwa linali litafika pamutu.

"Uwauze apite akatunge madzi ku mjigo," anatero apongozi. "Asafulumire."

Ndinanyamula chigubu. Pobwera ndinapeza amayi aja akudzikuntha fumbi kumsana, katundu wawo atamasuka, zovala zili pamtunda. Mphira ya chubu imene anamangira katunduyo inali itazengedwa pa paipi yakunsi, mwamphamvu ndiponso mwaudongo, mmene amamangira mapaipi a pampu yopalasa kudimba kwawo. Anandichotsa dala, chifukwa sakanalowa kunsi kwa galimoto mkamwini ataima pomwepo. Ndinathira madzi, ndinaliza injini, ndinagwada n'kusuzumira pansi koyamba tsiku limenelo. Sipanadonthe kanthu.

Zikanathera pamenepo bwenzi tikanapeza mzere. Koma mazira aja anali atapsa bwino. Posowa bowo loti atseke, anatseka timipata ta rediyeta momwe madzi amadutsa. Madzi sankatayikanso, koma sankayendanso. Tinkayenda pang'ono, kuima kuti izizire, kuyendanso. Maminibasi atatu a ku Lirangwe anatidutsa, ina kawiri.

Tinafika anthu akubalalika. Lole inali itapita, mayi wina akusesa timibulu ta fetereza pakhonde. Apongozi anatsika, anamasula nsonga ya chitenje, anayang'ana kuponi ija, n'kuimanganso. Sanatume Esinati kuti andiuze chilichonse. Ndikanakonda akanandikalipira. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo pena paliponse.

Mawa lake ndinatenga matumba awiri a fetereza amene ndinagulira munda wathu n'kuwatumiza ku Chigaru (pa minibasi). Chaka chimenecho chimanga changa chinali chachikasu, chofika m'mawondo, ndipo munda wangawo uli m'mbali mwa njira. Aliyense wodutsa ankapepesa. Pofika mwezi wa Seputembala nkhokwe yathu inali mbee.

Sabata yomweyo wakabaza anatsitsa thumba la chimanga pakhomo. Esinati analankhula naye, kenako anabwera pamene ndinakhala.

"Amayi akuti ndi cha adzukulu awo."

"Chabwino."

"Akuti nanunso mutha kumadyako."

Ndinadya, mpaka linabwera lachiwiri, ndinadyanso. Komabe mpaka lero ndimakhulupirira kuti dzira limagwira ntchito bowo likakhala mu rediyeta. Zimenezi sindinamuuze Esinati kuti akawauze.